Bambo a kunyumba chimfine chawagwira, kodi ndigule vitamini C wa thovu uja?

Amake Chisomo, Kapata:
Mwaswera bwanji abale. Ndabwera kudzapempha nzeru. Bambo a kunyumba kuno chimfine chawagwira zolimba, mamina ali chuchuchu, pakhosi pakuwawa, usiku akutsokomola mpaka ana kudzuka. Alamu anga a ku Lusaka aimba foni kuti ndithamangire ku Down Shops ndikagule vitamini C wa 1000 mg, uja timaponya m'kapu ya madzi n'kumachita thovu. Ati azimwa atatu pa tsiku, mawa lake adzuka ali gwa. Ndafunsa mtengo pa kemisiti, mutu waima, chikhalirecho mwezi ukadali pakati. Inu amene munayesapo, zimathandizadi kapena ndingotaya ndalama ya ndiwo?

aTembo a minibasi:
Gulani mayi, musazengereze. Ine ndimayenda msewu wa Lundazi tsiku ndi tsiku, anthu amanditsokomolera m'khosi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. M'nyengo yozizira ya 2021, korona itavuta, ndinkamwa limodzi m'mawa uliwonse ndisanalize galimoto. Kondakitala wanga anagona pamphasa, ine ndinali pa chiwongolero. Umboni wina mukuufuna wotani?

Nambewe wa ku Mchini:
Ife kwathu ndi mandimu, adyo, jinja ndi uchi, kuwiritsa zonse m'kapoto. Kenako kufukiza ndi masamba a bulugamu mutafunda bulangete. Zamapiritsi a thovuzo n'za anthu a ndalama.

Agogo aNasi, Katete:
Amake Chisomo, tisanafike ku mapiritsi ndifunseko kaye. Thupi likutentha? Akumva kuphwanya m'mfundo, mutu, kuzizidwa mpaka kunjenjemera?

Amake Chisomo, Kapata:
Linatentha dzulo usiku agogo, koma lero lazizira. Ndawauza za ku kiliniki, akukana, ati mzere wake ngosayamba.

Agogo aNasi, Katete:
Malungo amatero kumene mwananga, kutentha n'kuzizira, kutentha n'kuzizira. Kuno kummawa udzudzu sudziwa kuti uno ndi June. Munthu akatentha thupi, choyamba ndi kulasa chala, mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka, ndipo ku kiliniki ya boma salipiritsa. Ine ndakalambira m'wodi. Ambiri amene ankatibweretsera pa ngolo atakomoka anali atayamba ndi mawu omwewa akuti "ndi kachimfine chabe", n'kumamwa mandimu kunyumba. Kawauzeni kuti agogo a ku Katete ati mzerewo akaime. Zikapezeka kuti si malungo, tikambirana za vitamini mtima uli m'malo.

Aphunzitsi Zulu, Chadiza:
Mawu a agogo ndi oyamba, amenewo asaphonyedwe. Ine ndilowerere pa funso la piritsilo, poti za zakudya ndi mavitamini ndimaphunzitsa ana a sekondale.

Nkhani yoti vitamini C amathana ndi chimfine inafala chifukwa cha munthu mmodzi, Linus Pauling wa ku America. Anali katswiri weniweni, analandira mphoto ya Nobel kawiri, ya sayansi mu 1954 ndi ya mtendere ya 1962. Mu 1970 analemba buku lolimbikitsa anthu kumwa vitamini C wochuluka zedi. Munthu wa mbiri yotere akalankhula ndani angatsutse? Anthu anakhulupirira, opanga mapiritsi anaona msika. Koma akatswiri anzake sanangovomera, anayamba kuyesa. Amatenga anthu n'kuwagawa pawiri, ena kuwapatsa vitamini C, ena piritsi looneka chimodzimodzi koma lopanda kanthu, osawauza kuti wamwa chiti ndani. Mu 2013 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa kafukufuku wotereyu, wokhudza anthu oposa 11,000.

Anapeza kuti anthu wamba omwa 200 mg kapena kuposa tsiku lililonse chimfine chimawagwira kambirimbiri mofanana ndi osamwa. Chimene chinasinthako ndi kutalika kwa matenda, kwa akulu anafupika ndi 8 peresenti, kwa ana 14 peresenti. Tiyeni tiwerengere limodzi. Chimfine cha sabata imodzi, 8 peresenti yake ndi theka la tsiku. Ndiye kuti mwagula mapiritsi chaka chonse kuti muchire Lachisanu m'mawa m'malo mwa Lachisanu madzulo.

Tsono apa ndi pamene pakukhudza bambo a Chisomo. Kaphindu kochepako kanaoneka kwa amene ankamwa masiku onse asanadwale. Kwa amene anayamba kumwa chimfine chitalowa kale, sanapeze phindu lodalirika. Bambowa chawagwira kale.

aTembo a minibasi:
Aphunzitsi, chizungu chachuluka. Azungu anuwo anayesa ku Lundazi? Ine ndikunena zimene thupi langa linaona.

Aphunzitsi Zulu, Chadiza:
Sindikukana kuti simunadwale, aTembo. Koma nthawi ya korona ija ambiri anali nako kachilombo osamva kanthu, omwa mapiritsi ndi osamwa omwe. Inu mumakhala kutsogolo, zenera lotsekula, mphepo ikukuombani. Kondakitala ali kumbuyo, wapanikizana ndi anthu, akulandira ndalama m'manja mwa aliyense. Mwina ndi piritsi, mwina ndi zenera, munthu mmodzi sangatiuze. Ndiponso amene anamwa mapiritsi omwewo n'kumwalira sali pano kuti atifotokozere mbali yawo.

Za korona yeniyeniyo anayesanso. Madokotala a Cleveland Clinic ku America anatenga odwala 214 amene ankachirira kunyumba. Ena anawapatsa vitamini C wokwana 8,000 mg pa tsiku, ena zinki, ena zonse ziwiri, ena chisamaliro wamba. Sipanaoneke kusiyana kwenikweni pa masiku ochirira, mpaka kafukufukuyo anamuimitsa panjira. Zotsatira zinatuluka mu February 2021. Omwa vitamini wochulukayo ndi amene ankadandaula kwambiri za mseru ndi kutsegula m'mimba.

Koma kuti ndisakubisireni, pali gulu limodzi limene a Cochrane anaona kuti linapinduladi: othamanga mipikisano ya mitunda italiitali, otsetsereka pa chipale, ndi asilikali ochita masewera olimba kumayiko ozizira kwambiri. Kwa amenewa chimfine chinachepa ndi theka.

aTembo a minibasi:
Basi ndine ameneyo! Kuyendetsa basi yodzaza matumba a mtedza nthawi ya mvula mukuona ngati n'kosiyana ndi usilikali?

Kamnyamata ka pa koleji:
Kkkkk aTembo alowa usilikali lero.

Asisi a Zaumoyo, Moth:
Amake Chisomo musasokonezeke ndi manambala. Ine ndili ndi vitamini C wachilengedwe wochokera kunja, wolimbitsa chitetezo cha m'thupi, alibe vuto lililonse ngakhale mutamwa angati. Ana, akulu, amayi oyembekezera, a shuga, a BP, onse amamwa. Amatsukanso magazi. Ndilembereni kumbali ndikupatseni mtengo wabwino.

Achimwene a pa kemisiti:
Asisi, pepani, apo pokha ndikutsutsani, ngakhale inenso ndimadyera momwemo. Mapiritsi a thovuwa ndimagulitsa, ndipo June ndi July amatha msanga kuposa china chilichonse pa shelefu. Koma mawu oti "alibe vuto ngakhale mutamwa angati" ndi amene amapweteketsa anthu.

Munthu wamkulu amafunika vitamini C wochepa kwambiri. Muyezo umene amagwiritsa ntchito ku America ndi 90 mg pa tsiku kwa bambo, 75 mg kwa mayi, 85 mg kwa woyembekezera, 120 mg kwa woyamwitsa, ndipo wosuta fodya awonjezere 35 mg. Malire oti munthu wamkulu asapyole ndi 2,000 mg pa tsiku. Alamu a Amake Chisomo akuti atatu a 1000 mg, ndiye 3,000 mg, apyola kale. Kwa ana malire ndi otsika: wa chaka chimodzi mpaka zitatu 400 mg, wa zaka 4 mpaka 8 ndi 650 mg. Piritsi limodzi lija, limene amayi ena amasungunulira mwana chifukwa limakoma ngati chakumwa cha malalanje, ladutsa kale malire a mwana wa giredi 1.

Mukamwa wambiri, matumbo satenga yense. Pa muyezo wa chakudya amatenga pafupifupi yense, koma mukapyola 1,000 mg amatenga wosakwana theka. Wotsalayo amakoka madzi m'matumbo, ndiye kupotokola ndi kutsegula m'mimba kuja. Amene walowa m'magazi mopitirira, impso zimamutaya mu mkodzo.

Agogo aNasi, Katete:
Mtsuko ukadzaza wadzaza, madzi owonjezera amangonyowetsa pansi. Ndipo za kutsuka magazizo, asisi, ntchito imeneyo ndi ya impso ndi chiwindi. Palibe piritsi la m'chikwama limene limatsuka magazi.

Asisi a Zaumoyo, Moth:
Anthu a chipatala mumadana ndi zachilengedwe chifukwa zimakulandani makasitomala. Makasitomala anga akuchira, ali ndi maumboni.

Achimwene a pa kemisiti:
Chimfine chimatha chokha pa masiku 7 mpaka 10, asisi, chifuwa chake nthawi zina chimakakamira mpaka masabata atatu. Aliyense amene mwamugulitsa adzachira ndithu, ngakhale mukanamugulitsa madzi a pa mpope. Funso langa ndi limodzi: katundu wanuyo ZAMRA ikumudziwa? Ndi bungwe limene limayang'anira mankhwala muno m'Zambia. Ngati botolo lilibe dzina la wopanga, tsiku lothera ntchito ndi kuchuluka kwa zimene zili m'kati, ine sindingamwetse mwana wanga.

Ndipitirize pang'ono poti mwatchula a BP ndi a shuga. Chimene chimachititsa thovu lija ndi soda, ndipo soda ali ndi sodium, yemwe uja wa mu mchere amene a BP amauzidwa kuti achepetse. Gogo amene wasiya kuthira mchere m'ndiwo koma akumwa mapiritsi a thovu atatu pa tsiku wabweza mcherewo pakhomo la kuseri. Werengani pa chitini, amalemba. A shuga, vitamini C wochuluka kwambiri amatha kusokoneza timakina tina toyezera shuga pa chala, n'kuonetsa nambala yolakwika. Amene ali ndi vuto la impso, kapena anadwalapo timiyala ta mu impso, asayandikire n'komwe popanda dokotala, chifukwa thupi limasandutsa gawo la vitamini C kukhala oxalate, amene amaumba timiyalato. Ku Sweden anatsatira amuna oposa 23,000 kwa zaka 11, ndipo omwa mapiritsi a vitamini C anapezeka ndi timiyala pafupifupi kawiri kuposa osamwa.

Mayi wa ku Navutika:
Achimwene, ndifunseko mosabisa poti ine sindichita nazo manyazi. Ndili pa ma ARV, aja a piritsi limodzi pa tsiku. Mwana wanga wandigulira chitini cholembedwa vitamini C ndi zinki. Ndingamwe?

Achimwene a pa kemisiti:
Mwachita bwino kufunsa mayi. Vitamini C payekha si amene amadetsa nkhawa. Nkhani ili pa zimene amasakanizamo. Ngati muli pa TLD, ARV wa piritsi limodzi pa tsiku uja, m'menemo muli mankhwala otchedwa dolutegravir, ndipo amenewa amagwirana m'mimba ndi zinthu monga calcium, ayironi, magnesium ndi zinki, n'kulephera kulowa bwino m'magazi. Zitini zambiri za thovuzi zimakhala ndi chimodzi mwa zimenezi. Lamulo limene timauza anthu ndi loti ARV ayambe, papite maola awiri, kenako zinazo. Ngati zinazo zayamba, padutse maola 6 musanamwe ARV. Chimodzimodzi mankhwala a chilungulira aja oyera ngati mkaka. Koma tengani chitinicho mupite nacho ku kiliniki kwanu akachione ndi maso, chifukwa iwo ndi amene ali ndi fayilo yanu.

Mayi wa ku Navutika:
Zikomo kwambiri. Ndinali pafupi kumwera pamodzi usiku uno.

Amake Chisomo, Kapata:
Abale, bambo aja apita ku kiliniki, ndachita kuwakweza pa njinga ndekha. Malungo alibe. Awapatsa panado, awauza kuti azimwa madzi ambiri ndi kupuma, ndipo akayamba kubanika kapena kutentha thupi kukapitirira abwerere. Ndalama ya piritsi ija ndagula malalanje ndi mandimu pa Saturday Market, yatsalanso ya kapenta.

aPhiri a ku Mambwe:
Mwachita bwino mayi. Ine ndimadabwa nanu a m'tauni. Kuno kuchigwa masau ayamba, ana akungotola, ena akuuma pa mphasa. Malambe ali mbwee, timaswa n'kuviika m'madzi, kusefa, kuthira m'phala. Zonsezi achipatala amati zili ndi vitamini ameneyu. Ndiye munthu achoke pamene pali mtengo wa masau, akwere basi, akagule ufa wa m'chitini wonunkhira malalanje?

Aphunzitsi Zulu, Chadiza:
aPhiri anena zoona, ndipo china chokhala ndi vitamini ameneyu wambiri ndi gwafa, chipatso chimene timachinyoza chifukwa chimamera paliponse, ngakhale kuseri kwa chimbudzi. Magalamu 100 a gwafa ali ndi vitamini C woposa 200 mg, pamene lalanje la kulemera komweko lili ndi pafupifupi 50 mg. Gwafa mmodzi wamkulu wakwanira tsiku lonse mpaka kutsalako. Lalanje limodzi lapakati ndi pafupifupi 70 mg. Papaya ali ndi pafupifupi 60 mg pa magalamu 100, mango pafupifupi 36 mg, koma ndani amadya mango amodzi mu December? Mukaona bwino, chaka chathu chinadzikonza chokha: masuku ndi mango mvula ikamayamba, magwafa ikamatha, malalanje, manachesi ndi mandimu m'nyengo yozizira, masau ndi malambe m'chilimwe, mapapaya pafupifupi nthawi zonse.

Mandimu amene timawatamawa alibe wambiri monga timaganizira. Kuwawasa sikutanthauza kuchuluka kwa vitamini. Madzi a ndimu imodzi sakwanira ngakhale theka la zimene munthu amafunika pa tsiku.

Nambewe wa ku Mchini:
Ndiye mwati kapoto kanga ka mandimu ndi jinja n'kachabe, aphunzitsi?

Agogo aNasi, Katete:
Si kachabe Nambewe, ndiyankhe ine. Chakumwa chofunda chimafewetsa pakhosi, chimamasula mamina, ndipo wodwala amamwa madzi ambiri osazindikira. Uchi umachepetsako kutsokomola usiku. Zimenezo ndi zabwino, pitirizani. Kungoti sichipha kachilombo, ndipo vitamini C amaonongeka ndi moto. Mukawiritsa mandimu mpaka madzi kusanduka akuda, wambiri wapita. Wiritsani jinja yekha, muphule, madzi akafika poti mungamwe osapsa, m'pamene mufinyiremo ndimu ndi kuthira uchi.

Ndipo uchi musampatse mwana wosakwana chaka, ngakhale kadontho. Umatha kukhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangalimbane nato, mwana n'kufooka thupi lonse.

Za kufukizazo ndiye ndili nazo mawu. Wamkulu akafuna, ndi thupi lake. Koma mwana musamulowetse m'bulangete ndi poto wa madzi owira. Ndasambitsapo zilonda za ana amene anagubuduza poto ali m'kati mwa bulangete, khungu la pa ntchafu ndi pamimba litasupuka. Mwana anabwera ndi chimfine cha sabata imodzi, n'kukhala m'wodi mwezi.

Nambewe wa ku Mchini:
Mayo ine. Ndamva agogo.

aPhiri a ku Mambwe:
Nanga ndiwo zamasamba? Akazi anga chibwabwa ndi therere sathira china koma soda kapena chidulo, ati zifewe.

Agogo aNasi, Katete:
Apo ndiye pamene timataya zambiri, aPhiri, kuposa zimene tingagule ku kemisiti. Repu, chibwabwa, bondwe, kalembula, kabichi, zonsezi zili ndi vitamini C zikamachoka kudimba. Soda ndi chidulo zimamuononga. Kuphika mpaka masamba kuda bii kumamuononga. Kudula masamba n'kuwasiya m'beseni la madzi, kenako kutaya madziwo, mwataya nayenso chifukwa amasungunuka m'madzi. Tsukani musanadule, madzi ochepa, moto wa kanthawi, masamba aphulidwe akadali obiriwira, ndipo msuzi wake udyedwe. Therere la soda sindingakuletseni, nanenso ndimadya, koma lisakhale la masiku onse. Mfutso ndi wabwino pa njala, uli ndi zake zina, koma vitamini C wambiri amathera padzuwa pouma paja.

Kamnyamata ka pa koleji:
Funso lopusa koma lenileni. Mbuzi ndi agalu sadya malalanje, bwanji sadwala chifukwa chosowa vitamini ameneyu?

Aphunzitsi Zulu, Chadiza:
Si lopusa ayi. Mbuzi, galu, ng'ombe, zimadzipangira zokha m'chiwindi. Ife anthu, anyani ndi mbira sitingathe, n'chifukwa chake timadalira chakudya. Ndipo kusowa kwake ndi matenda enieni, musamve ngati tikunyoza vitaminiyu. Munthu akakhala miyezi osalawa chipatso kapena ndiwo zamasamba, nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, mano amagwedera, zilonda sizipola, thupi limangofooka. Kale matendawa ankapha amalinyero ambiri pa maulendo aatali a panyanja. Mu 1747 dokotala wina wa ku Scotland, James Lind, anatenga amalinyero 12 odwala, n'kuwagawa awiriawiri, gulu lililonse mankhwala ake. Awiri amene anapatsidwa malalanje ndi mandimu ndi amene anachira msanga. Ndiye vitamini C amachizadi, koma amachiza matenda a kusowa vitamini C.

Achimwene a pa kemisiti:
Ndipo alipo amene ine ndimawagulitsa ndi mtima woyera. Nkhalamba yopanda mano imene ikungokhalira phala, munthu wa kachasu amene chakudya anasiya, wodwala nthawi yaitali amene sakudya. Koma amenewa timapiritsi tating'ono totsika mtengo ta 100 mg timawakwanira. Sipafunika chitini cha thovu.

Bambo a ku Magazine:
Inu mukuchedwa ndi zipatso. Chimfine chikandigwira ine ndimagula makapisozi a amoxicillin, awiri m'mawa awiri madzulo, mawa lake ndili pa ntchito.

Agogo aNasi, Katete:
Bambo inu, bola aTembo ndi thovu lawo, akungotaya ndalama zawo. Inu mukuonongera tonse. Chimfine chimabwera ndi mavairasi, ndipo mavairasi ake ndi oposa 200. Amoxicillin amapha mabakiteriya, vairasi samukhudza n'komwe. Mukamamwa mwachisawawa, awiri lero awiri mawa n'kusiya, mabakiteriya a m'thupi mwanu amazolowera. Tsiku limene mdzukulu wanu adzadwale chibayo chenicheni, mankhwala omwewo adzakana kugwira. Ndipo amene akukugulitsani popanda kalata ya dokotala akulakwira lamulo.

Bambo a ku Magazine:
Koma mamina akasanduka achikasu si ndiye kuti pafunika makapisozi?

Agogo aNasi, Katete:
Ayi. Mamina amasintha mtundu pa chimfine wamba, pakapita masiku angapo amakhuthala n'kuchita chikasu kapena kubiriwira. Zimene muyenera kuthamangira nazo ku chipatala ndi izi: kupuma movutikira kapena mothamanga, kupweteka pachifuwa, kutentha thupi kosatsika, kusokonezeka mutu, kapena munthu amene anayamba kupeza bwino n'kubwereranso mwamphamvu. Mwana akamakoka nthiti popuma, akakana kuyamwa, akakomoka, musadikire kuti kuche. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, makamaka ndi kutuluka thukuta usiku ndi kuonda, kapimitseni makhololo, ingakhale TB.

Ndiwonjezere za panado, poti bambo a Chisomo apatsidwa. Wamkulu asapyole 4,000 mg pa tsiku, ndiye kuti mapiritsi 8 a 500 mg, motalikanitsa. Chenjerani ndi timapaketi ta ufa wa chimfine tija tothira m'madzi otentha, tambiri tili kale ndi paracetamol, amene ndi panado yemweyo. Mukamwa tonse pamodzi ndi panado mukuvulaza chiwindi. Mwana wa chimfine kapena nthomba musampatse aspirin.

aTembo a minibasi:
Agogo mwatikalipira tonse lero. Koma ine langa limodzi la m'mawa sindisiya, ndanena.

Achimwene a pa kemisiti:
Limodzi silikupyola malire aTembo, ngati impso zili bwino ndipo BP mulibe. Ndalama ndi yanu. Koma BP munayezetsa liti? Madalaivala ambiri amene amabwera pano amakhala nayo osadziwa.

aTembo a minibasi:
Imeneyo ndi nkhani ina achimwene, musandiyambe.

Mtsikana wa ku Petauke:
Pepani ndabwera mochedwa, ndawerenga zonse. Ndiye palibe vitamini kapena piritsi lililonse lothandiza pa matenda a mavairasi? Nanga aja amapatsa ana pa sabata ya umoyo wa ana?

Agogo aNasi, Katete:
Alipo mwanawe, kungoti chilichonse chili ndi malo ake. Amene amadontheza ana m'kamwa kawiri pa chaka ndi vitamini A. Mwana akadwala chikuku, chomwenso ndi vairasi, achipatala amampatsa vitamini A chifukwa zinatsimikizika kuti amachepetsa imfa ndi khungu. Mwana akatsegula m'mimba timapereka ORS ndi zinki, 20 mg pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, wosakwana miyezi 6 theka lake. Zimenezi zinayesedwa n'kupezeka kuti zimagwira. Ndipo choteteza chenicheni ku chikuku ndi katemera.

Mtsikana wa ku Petauke:
Chabwino agogo. Lomaliza, ine ndili ndi pakati, miyezi isanu. Ku sikelo anandipatsa mapiritsi a magazi aja ofiira. Anzanga akuti ndizimwera tiyi kuti asandichititse mseru, ena akuti ndigule vitamini C wa thovu ndizimwera. Nditsate ziti?

Agogo aNasi, Katete:
Tiyi ayi. Tiyi amatsekereza ayironi kuti asalowe bwino m'thupi, choncho atalikirane ndi piritsilo ndi ola limodzi kapena awiri. Anzako enawo akhudzako choona, vitamini C amathandizadi ayironi kulowa, wa m'piritsi ngakhalenso wa mu nyemba ndi ndiwo zamasamba. Koma sipafunika 1000 mg. Meza piritsi lako ndi madzi, udye lalanje kapena chidutswa cha papaya, zakwana. Mseru ukavuta uzimwa usiku pogona utadya kaye. Chimbudzi chikada usaope, ndi ayironi yemweyo. Fansidar wa ku sikelo usadumphe, ugone m'neti, ndipo iwe ukangotentha thupi usayambe ndi mandimu, pita ukalasidwe chala tsiku lomwelo.